Kabotolo ka M'bowo la Folo

Lolemba, pa 2 Juni

Kope latsopano. Ndalitola m'bini ya ku ofesi, masamba atatu okha olembedwa. Ophunzira amataya, ife a sitandade faifi timatola.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikutsuka mabotolo mu labu muno. Sinki yomweyi, zenera lomweli loyang'ana khoma. Manja ngati khungu la ng'azi. Kwatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti ndipume pa ntchito. Boma, ndiye kuti mkazi wanga, lalamula ndiyende chowerama mpaka Disembala. "Nthabwala zanuzo muzizisiya pa geti ngati njinga." Ndavomera. Ndi pakamwa.

Pa tiyi a Makiyi ayambanso. Ndiwo osunga katundu wathu. Makiyi khumi ndi anayi pa lamba, akamayenda ngati ng'ombe ya belu. Ati chifiriji chachikulu cha m'chipinda chozizira amachidziwa kuposa akazi awo. "Mundimange maso, munditchulire nambala, ndikutulutsirani kabotolo kake." Ndati akazi awowo ndawamvera chisoni. Anyamata aseka, iwo ayi. Ati wotsuka mabotolo aziyankhula za thovu.

Za thovu. Chabwino.

M'chifirijimo muli kabokosi ka Mayi Changu. Ndi dokotala, koma osati wa jakisoni, wofufuza mankhwala. Dzinalo ndinawapatsa ndine: sayenda, amauluka, chikhoti choyera chikuwathamangira m'mbuyo. Amanditcha Agogo. Labu yonseyi ndi okhawo amene amayamba atsukuluza botolo asanandiponyere mu sinki.

Kabokosiko kali ndi mabowo makumi awiri ndi anayi, bowo lililonse kabotolo ngati chala chaching'ono. Tina tiufa, tina ngati uchi. Iwo amati malinka. Ine ndimati tizingwe, chifukwa ndi mmene anandifotokozera tsiku lina ndikupukuta tebulo lawo. Ati m'thupi mwa munthu muli tinthu tosaoneka ndi maso, mapuloteni, aliyense ndi ntchito yake. Wina amapenga, n'kuyambitsa khansa. M'thupi momwemo mulinso a zinyalala, otola zoonongeka n'kukagaya. Koma wopengayo amawadutsa pamphuno penipeni, iwo osamuzindikira. Ndiye mankhwala a Mayi Changu ali ndi manja awiri. Dzanja lina ligwira wopenga, lina ligwira wa zinyalala, pakati kachingwe kowakokera pamodzi. Kakafupika, agundana mitu n'kutayana. Kakatalika, aliyense ayang'ana kwake ngati anthu okwiyitsana pa benchi imodzi. Nambala ya kabotolo ndiyo kutalika kwa kachingwe.

Ndinafunsa: bwanji osangoyeza ndi tepi? Anaseka mpaka kugwira tebulo. Ati tepi yake kulibe, n'kuyesa basi, kamodzikamodzi, ndipo kuyesa kumodzi kumadya sabata.

Zaka zitatu. Manja a mankhwala aja asintha kangapo, koma tizingwe amayesa tatifupi tokhatokha, poti bwana wamkulu anagamula kuti tatitali n'kutaya nthawi. Wopengayo akadali phee. Pa 27 mwezi uno kukubwera eni ndalama kudzaona. Popanda chooneka, kontirakiti ya Mayi Changu yathera pomwepo. Ana awiri, ndi mayi awo odwala miyendo. Izi sanandiuze. Makoma a kusinki ndi opyapyala.

Lachiwiri, pa 3 Juni

Ndachita.

M'mawa a Makiyi anasiya chipinda chozizira chosakhoma, atathamangira lole ya katundu. Ine ndi mopu wanga. Mopu amalowa paliponse, safunsidwa chiphaso. Lamulo lilipo: wotsuka sagwira chifiriji. Koma analilemba pachitseko m'Chingerezi, ndiye silikunena ine.

Ndatsegula. Mpweya wozizira pankhope. Timabotolo tonse tavala chisanu, manambala osaoneka mpaka upukute ndi chala. Ta zivindikiro zobiriwira tiwiri tokha: folo ndi naini. Mapasa enieni. Folo ndamuika m'bowo la naini, naini m'bowo la folo. Mphindi imodzi sinakwane.

Mapulani: mawa pa tiyi, anthu onse alipo. A Makiyi, tiyeni tikumangeni maso, mutitulutsire folo. Akatulutsa, ndipukuta chisanu ndi chala changa cha thovu chomwechi, ndiwerenga mokweza.

Ndaseka ndekha mu basi mpaka mayi wina anasamukira mpando wakutsogolo.

Kunyumba Boma landiyang'ana nthawi yaitali. "Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Mwapalamula chiyani?" Ndati kunja kwacha bwino chabe. Lati kunja kwada.

Lachitatu, pa 4 Juni

Zagwa. A Makiyi sanabwere. Dzino. Ati tsaya latupa ngati buledi, mpaka Lolemba.

Nthabwala yopanda mwini ndi ndiwo zopanda mchere. Ndipo kusiya timabotolo ta eni chisokonekere sabata yonse, ayi, ine sindine munthu woipa. Makiyi anasiyira mlonda, mlonda ndi mnzanga wakalekale. Ndabwereka, ati ndikakolope. Folo kwawo, naini kwawo. Palibe waona. Mlandu watha usanayambe.

Bondo lamanzere likuimba nyimbo zake zija. Basi yachedwa. Nsapato yakumanja yayamba kumwa madzi.

Lachiwiri, pa 10 Juni

Mfuu mu labu cha m'ma leveni. Ndinayesa wina wadzithira asidi. Ndathamanga ndi ndowa.

Mayi Changu akudumpha, chithunzi m'manja. Andigwira mapewa, thovu lonse pa chikhoti chawo. "Agogo, wapita! Wapita!" Ndati pepani, ndani, maliro ali kuti? Wopenga uja. Andionetsa: timizere takuda tondondozana ngati mano, penapake mpata. Ndati ine pamenepo sindikuona kanthu. Ati chimenecho ndiye chimwemwecho. Zaka zitatu munthu kusakasaka malo opanda kanthu. Wagwidwa, wakokedwa, wagayidwa. Nambala folo.

Bwana wamkulu atsika ku ofesi yawo ya m'mwamba. Ine ndimawatcha a Kamphindi, poti chilichonse amati "kamphindi chabe" n'kudya maola awiri. "Ndinanena ine, tatifupi." Aimbira kale foni eni ndalama. Mabanzi ndi zakumwa kwa aliyense. Ndadya awiri, lachitatu m'thumba, msonkho wa Boma.

Kovuta kamodzi: mankhwalawo anapanga pang'ono kwambiri, onse athera m'kuyesako. Makina oonera chimene wapanga anafa mwezi watha, mmisiri wake akubwerabe mpaka lero. Ndiye apanganso, aonetse kachiwiri alendo asanafike. Ati kamodzi ndi mwayi, kawiri ndi sayansi.

Ndakondwa zenizeni. Mwana ameneyu wavutika.

Lachitatu, pa 11 Juni

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndikupukuta tebulo lawo, buku lawo la ntchito lili chitsegukire. Chingerezi chimandidutsa, koma manambala ndi abale anga. 3/6. Thuu koloko. Ndi 4 wozunguliridwa ndi cholembera chofiira.

Ndafunsa ngati wosafuna kanthu: kachingwe kamwayi kaja munakatenga liti? "Lachiwiri la sabata yatha masana, Agogo. Ndinali pa liwiro, ndinangotola m'bowo. Bokosi la a Makiyi silinama."

Silinama.

Ndapita ku chimbudzi kukakhala pansi. Ndawerenga pa zala katatu. Lachiwiri m'mawa ndinasintha. Lachiwiri masana anatola. Lachitatu ndinabweza. Zala zonse zikunena chimodzi.

Folo wawoyo ndi naini. Ndipo wodziwa pa dziko lonse lapansi ndi wotsuka mabotolo.

Ndinene? Chaka chatha anachotsa mayi wokolopa chifukwa choika mkaka wake m'chifiriji chomwecho. Mkaka chabe, wosasintha ndi chilichonse.

Mwina folo weniweni nayenso agwira. Ndi tizingwe tokhatokha. Chingwe ndi chingwe, mbuzi sifunsa nambala.



Lachisanu, pa 13 Juni

A Makiyi chibwerere, dzino anachotsa lakutsogolo, akamayankhula kumatuluka kamluzu. Nthawi zina pamenepa ndikanadya mwezi wathunthu. Ndangoti pepani ndi ululu. Andiyang'ana mokayika. Anyamata akufunsa ngati ndikudwala.

Mayi Changu akuimba pogwira ntchito. Mawu alibe, koma akuimba. Ati agona tulo koyamba chaka chino, ndipo mayi awo auza mpingo wonse.

Masana andibweretsera kabotolo ka mafuta odzola m'manja. "Zala zanuzo zang'ambika, Agogo. Popanda mabotolo anu oyera palibe chimene chikanatheka." Ndalandira ndi manja awiri. Kalemera ngati njerwa.

Dzana ndinawaona akutenga folo m'chifiriji. Weniweni. Ndinafuna kutsokomola, ndinangopitiriza kukolopa.

Lachiwiri, pa 17 Juni

Masiku atatu osalemba. Ndimati ndikalemba zichitika. Zachitika ndisanalembe.

Folo weniweni wakana. Timizere tonse tili bii, mpata palibe. Wopenga uja wakhala mwendo pa mwendo, akutiyang'ana.

Mayi Changu sanalire. Bola akanalira. Ayenda pang'onopang'ono, koyamba chiwadziwire. Kenako ayamba kufunsa aliyense. Madzi anasintha? Maselo atopa? Magetsi anazima? Afika pa sinki. "Agogo, sopo ndi yemwe uja? Munatsukuluza katatu?" Katatu, mayi. Apa ndiye ndayankha zoona, ndi mtima wonse, mpaka ndabwereza.

Masana aitanidwa m'mwamba. Chitseko chotseka, koma mawu a a Kamphindi amatsika ndi paipi ya madzi. "Kapena munaona zimene mumafuna kuona?" Munthu wa zaka zitatu osapuma, kumufunsa choncho. Ndaswa botolo limodzi. Mwangozi, mwina.

Masiku khumi atsala. Mpata woyesa ndi umodzi basi.

Lachitatu, pa 18 Juni

Tsiku la njira zanzeru.

Yoyamba, maloto. Ndawauza kuti ndalota malemu amalume anga atanyamula nkhuku naini, zonse zobiriwira, akuloza chifiriji. Ati: "Muchepetse tiyi wa madzulo, Agogo."

Kenako ndawaikira mabotolo naini pa tebulo, mzere umodzi, owala bwino. Ati zikomo, n'kutengapo awiri. Atsala seveni, osanena kanthu kwa aliyense.

Pomaliza ndalimba mtima pang'ono. Bwanji osayesako katali, kaja ka naini, kamaoneka kaulemu? Amwetulira ngati mmene umamwetulirira mwana akakubweretsera chule. "Ndatsala ndi chipolopolo chimodzi. Sindingaombe m'mwamba. Folo anagwirapo kamodzi, ndibwerera kwa folo."

Ophunzira. Zoona ukazizunguliza, sazizindikira. Zimafunika zifike zitavala tayi.

Madzulo ndaulula kwa Boma. Linali likusita. Laika nsimbi pansi bwinobwino, chimene chimandiopsa kuposa kukuwa. "Zaka makumi awiri ndi zitatu mwasenza mtsuko, mudzauswere pakhomo." Lapinda malaya awiri. "Mayiyo ali ndi ana angati?" Awiri. "Ndiye mukundifunsa chiyani?" Ndati sindinafunse kanthu. "N'chifukwa chake simunafunse."

Lachinayi, pa 19 Juni

Ndinagona ndi nzeru, ndadzuka ndi uchitsiru. M'mawa ziwirizi zimafanana nkhope.

Nzeru yake: chimene chinagwira kamodzi chigwiranso. Ndisinthenso. Atole naini akuyesa folo, wopenga apite, alendo aombe m'manja, ine ndipume pa ntchito ndi ulemu wanga. Zoona ndidzawauza mu Januwale, pa foni, ndili kutali.

A Makiyi atsegula chipinda, aitanidwa ku foni. Mopu, ine. Bokosi m'manja. Ndiye ndingomva ngwerengwere m'khonde. Zala zozizira. Bokosi lapendekeka. Timabotolo tonse waa! pa shelefu ya chifiriji. Palibe kosweka, Mulungu ndi wabwino ngakhale kwa zitsiru. Ndatola ngati wakuba mtedza m'munda wa eni, kulowetsa paliponse pali bowo. Chitseko gwa. A Makiyi alowa, andipeza ndikukolopa pouma. "Apa mwakolopa kale." Ndati ukhondo sutha.

Cha m'ma teni Mayi Changu apita kukatenga folo. Ulendo uno apukuta chisanu, awerenga. Seventini. Bowo lina, thuu. Lina, twente. Atulutsa bokosi lonse, aliika pa madzi oundana pakati pa labu, aitanitsa a Makiyi ndi a Kamphindi.

Mawu otsika, koma ndamva onse. "Ngati bokosi limakhala chonchi, kamene ndinatola pa 3 sindikukadziwa. Kangakhale kalikonse mwa makumi awiri ndi anayi. Ndili ndi sabata imodzi."

A Makiyi asuzumira m'bokosi. Makiyi omwe osalira. Munthu amene amalemba ngakhale tsiku losinthira babu. "Sindikumvetsa, bwana." Katatu, kamluzu kali pomwepo, palibe waseka. A Kamphindi ati mawa apereke makiyi, akadikire kunyumba.

Pa tiyi akhala pakona, kapu osaigwira. Ndinkafuna kuwaona atachita manyazi, eya. Ndawaona. Zili ngati kulakalaka nyama n'kupatsidwa ya galu wako.

Lachisanu, pa 20 Juni

Ndavala malaya a ku tchalitchi. Boma lasita kolala kawiri. Pakhomo landipatsa kampango. "Ka thukuta."

Zengerezu analinda kwawukwawu, ndiye ndisanavale ndi epuloni yomwe ndakwera m'mwamba. Onse atatu mu ofesi, a Makiyi akumasula lamba. Ndagogoda. "Kamphindi chabe, madala." Ndati ayi bwana, lero kamphindiko ndi kanga.

Mu basi ndinakonza mawu abwino kwambiri. Onse anatsikira pa siteji ina. Chimene chatuluka: ndi naini.



Ndafotokoza. Kudzitama kuja, thovu, zivindikiro zobiriwira, dzino, za dzulo zomwe. Ndatulutsa kope lino, ndaonetsa tsamba la pa 3. Mayi Changu awerenga, milomo ikuyenda. A Makiyi asuzumira tsamba la pambali, maso awo agwera pa ng'ombe ya belu. Tsoka silinunkha.

Ndimayembekezera kukuwa. Mayi Changu angondiyang'ana ndwii. "Agogo, sabata ndi theka mukundiona ndikufa. Ndinakufunsani za sopo, inu n'kundiyankha za sopo." Mawu amenewo. Bola mbama.

Kenako: "Mukutsimikiza? Naini, osati eyiti, osati teni?" Ndati mayi, ndanamapo zambiri pa moyo wanga, koma nthabwala zanga ndimazisunga mwadongosolo. Atuluka. Akuuluka. Chikhoti m'mbuyo.

A Kamphindi ati ndipite ndikadikire kalata. Lero sanathe ndi mphindi yomwe.

Pa masitepe a Makiyi akumanganso lamba, pang'onopang'ono. Ndati pepani, achimwene. Ati: "Zaka khumi ndi zisanu palibe chasokonekerapo m'manja mwanga. Dzulo akazi anga amandifunsa ngati mutu wayamba kutaya." Ndafufuza nthabwala m'matumba onse. Munalibe.

Lachiwiri, pa 24 Juni

Kunyumba. Sindinkadziwa kuti masana pa msewu wathuwu pamadutsa anthu ambiri chonchi. Wa matsache, wokonza maambulera, wowotcherera mapoto. Aliyense ali ndi kopita.

Aneba afunsa pa mpanda. Ndati andipatsa holide ya kafukufuku. Boma, lili kuyanika zovala: "Ofufuzidwawo ndi iwowo."

Mlonda waimba foni. Ati Mayi Changu agwira Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ana anabwera nawo, akhala pa benchi ya ku geti ndi mabuku awo. Mabotolo akutsuka okha. Sinki yadzaza mpaka pakamwa, ndipo bulashi yanga yaitali wina waithyola. Masiku awiri okha. Ine ndinakhala nayo zaka zinayi.

Nanga naini akakana? Ndiye kuti ndawaphera chipolopolo chomaliza, ntchito yanga pamwamba, zonse ulele. Nanga ngati maso anandinamiza, anali eyiti? Tsamba la pa 3 ndalitsegula kakhumi. Naini ali pomwepo. Koma analemba ndine, ndipo wolembayo ndimamudziwa khalidwe lake.

Ndapemphera. Mulungu ndi ine sitinazolowerane kwenikweni pa nkhani zikuluzikulu. Ndati: wopenga uja yekha, Ambuye, mumukoke. Zanga tikambirana.

Lachisanu, pa 27 Juni

Ndinatsanzika kuti ndikugula mabatire a wailesi. Sitolo ili pakona pomwepa, koma miyendo inakwera basi yokha.

Pa geti mlonda ati walamulidwa asandilowetse. Ndiye watulutsa mpando wake kunja kwa geti, ine ndakhala, iye waima. Lamulo lasungidwa. Magalimoto awiri a alendo pa mthunzi. Maola atatu. Ndawerenga njerwa za khoma, ndayambiranso.

Cha m'ma wani, ngwerengwere. A Makiyi. Iwo mkati, ine kunja, waya pakati. Moni palibe.

"Naini wagwira. Dzulo madzulo. Kuposa poyamba."



Ati Mayi Changu aonetsa alendo zithunzi zonse, cha folo wokana chomwe. Atafunsidwa chimene anayesera katali, sanabise. "Wina anasokoneza bokosi langa, ine n'kutola osawerenga. Zolakwa ziwiri." Alendo aseka, alemba. Awapatsa zaka zina ziwiri. A Kamphindi ati tatitali iwo ankatiganizira kalekale.

Kenako envelopu, kudzera pa waya. Sindibwereranso. Koma alemba kuti ndapuma pa ntchito, osati ndachotsedwa. Bwana amafuna kuchotsa. Mayi Changu anakana, ndipo ati wina anawathandiza kukana. Ndafunsa ndani. A Makiyi ayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. "Chifiriji ndachigulira loko wachiwiri." Basi, n'kutembenuka.

Mayi Changu sanatuluke. Ndinadikirabe pang'ono. Anali ndi alendo, n'zomveka.

N'zomveka.

Mabatire ndaiwala.

Lolemba, pa 30 Juni

Ndadzuka faifi koloko ngati kale. Buluku, nsapato, chipewa. Kenako ndakumbuka. Ndakhala pa bedi chivalire.

Loweruka mlonda anabweretsa katoni: kapu yanga, epuloni, theka la bulashi. Pansi pake kapepala ka Mayi Changu, mizere iwiri. "Agogo, sindinakukhululukireni. Mundipatse mwezi umodzi, kenako mubwere tidzamwe tiyi, manja ali m'thumba." Ndakawerenga kasanu. Mwezi si kanthu. Ndinadikirapo basi nthawi yoposa apo.

Manja sadziwa kupuma. Ndatsuka mbale zonse za m'nyumba muno, zoyera zomwe. Mapoto, mabotolo a mafuta, sefa. Ndapukuta shelefu. Pa shelefupo zitini ziwiri zofanana, cha shuga kumanja, cha mchere kumanzere. Ndinangoziyang'ana. Nazonso zinandiyang'ana. Sindinafune. Mulungu ndi mboni, dzanja linapita lokha kukazisinthanitsa.

Boma ladzuka, lateleka tiyi. Ine pa mpando, nyuzipepala ya chaka chatha kumaso, mapewa akugwedezeka. Supuni imodzi, ziwiri, zitatu. Kutakasa. Labwera ndi makapu awiri, landipatsa yanga, lakhala moyang'anana nane. Lamwa yake bwinobwino, nkhope osasintha. "Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndili nanu m'nyumba imodzi. Ine chilichonse ndimayamba ndalawa. Imwani, angazizire."

Ndamwa. Yense, ndi mchere wake womwe. Likundiyang'ana mpaka pansi pa kapu.

Kenako maso ayamba kuchucha, osasiya, mpaka pa kolala. Boma silinafunse. Lakoka mpando wake, lakhala pafupi. Ndati ndi mcherewu.

Lati eya, ndi mchere.